Nyumba ya Utsi Ilandira Mlendo

Lolemba

Ayankha!! Amadamu ayankha!

Dikira, ndilembe bwinobwino. Mtima ukugunda ngati injini ya boti.

Nkhani ndi ya nyumba yathu ya miyala, ija ili kumunsi kwa pakhomo, pafupi ndi mtengo wa masau, moyang'ana Zambezi. Pano onse amangoti nyumba ya utsi, chifukwa aanti Marita amawambiramo nsomba, ndipo mvula ikagwa mumagona mbuzi. Koma ine ndaphunzira zakale ku koleji, ndikudziwa chimene ndikuona. Khoma lake, kukhuthala kwake ndi mkono wanga wonse. Miyala yomanga ndi dothi, simenti ziro. Anamanga agogo a agogo athu, nthawi ija Achikunda ankatsika ndi minyanga m'mabwato, Boma ino aliyense akuitchula kuti Feira.

Amalume Zuze akufuna kuigwetsa. Ati miyala ikhale faundeshoni ya shopu ya nsomba, yokhala ndi firiji. Baisoni, bilida wa kuno, anabwera kale kudzayeza ndi mapazi. Ndinalira, ndinasala chakudya (kuyambira m'mawa mpaka masana), mpaka amalume anatopa nane: "Chabwino, a Profesa. Abwere munthu wa boma anene kuti ndi nyumba yofunika, ndiisiya. Akapanda kunena, Lolemba likubweralo Baisoni ayamba ndi denga."

Ndiye manje amadamu a ku ofesi yosamala zinthu zakale ku Lusaka, amene anabwera kudzatiphunzitsa temu yatha, alemba pa foni: ali ndi ulendo wa kuno, Loweruka adzera, aione ndi maso awo.

Pulani:
- kujambula chilichonse
- kufufuza makoma ndi pansi, pang'onopang'ono, ndi mswachi
- kufunsa achikulire mbiri yake
- OSAKHUDZA KANTHU. OSASUNTHA KANTHU. OSAKONZA KANTHU.
- kuchapa bulauzi yoyera

Madzulo. Ndawauza a pakhomo. Ndati, "Loweruka kubwera mlendo wochokera ku Lusaka kudzaona nyumba ya utsi." Aanti anali kupala nsomba za pende. Mpeni wagwa.

"Mlendo? Wa ku Lusaka? M'nyumba IJA?"

Ayang'anana ndi amalume. Kuyang'anana kumeneko sindinakukonde. Koma mwina ndi chimwemwe chabe.

Lachiwiri

M'mawa. Kutentha kwayamba dzuwa lisanatuluke n'komwe. Ndili m'kati ndi mswachi wakale, tochi ya pa foni, kansalu kumphuno. Mwaye wa pakhoma ndi wokhuthala ngati chikopa cha mvuu. Fungo: nsomba, mbuzi, mileme. Mbiri imanunkha, mwandi. Ku koleji sanatiuze.

Masana. MAYO INE!!! Ndapeza!

Pafupi ndi chitseko, kumanja, pansi pa mwaye, pali mizere yogoba pa miyala. Yopingasa, wina pamwamba pa unzake, kuyambira m'mawondo. Pambali pa mzere uliwonse pali kachizindikiro: apa kansomba, apa kamtanda, apa kanthu kooneka ngati nkhafi. Wapamwamba kwambiri wandipitirira mutu.

Ndathamangira amalume, ndawakoka pa ukonde umene akusoka. Ayang'ana. Atokosa m'mano. "Aa, imeneyo? Ndi madzi." Ati kale, damu la Kariba lisanamangidwe, Zambezi akakwiya ankalowa mpaka m'nyumba, ndipo madzi akaphwa mwini nyumba ankagoba pamene anafika, n'kuikapo chizindikiro chake. Wapamwambawo ndi wa chaka chimene bwato analimangirira ku phaso la denga.

Ndafunsa: wa kansomba anali ndani?
"Kaya. Wina wokonda nsomba."

Palibe kanthu! Makolo anga anaima pomwe pano, madzi atangophwa, matope m'miyendo, n'kulemba. Tsitsi langa laima. Ndajambula zithunzi maningi. Izi zokha amadamu akaona, nyumba yapulumuka. Ndikudziona kale pa TV.

Madzulo. Potuluka ndapeza pabwalo pasesedwa, mbee! Kuseri kwa nyumba kunali zinthu zimene ndinati ndiziona mawa: nkhafi yakale yosema mutu wa ng'ona, mono wothyoka, kampando ka miyendo itatu. Kulibe. Aanti lero akuwambira mcheni panja, ati m'nyumba ya mlendo musalowenso utsi wina. Moto ukuyaka bwino zedi. Mutu wa ng'ona ukundiyang'ana uli m'moto.

"Nkhuni zakale sizivuta kuyaka," atero aanti.

Mcheniwo ndadya. Ndinali ndi njala. Wakoma, ndipo n'zimene zikundiwawa.

Lachitatu

Ndamata pepala pachitseko: OSALOWA, MALO A MBIRI. Mbuzi yadya.

Lero ndikufufuza pansi. Pakhomo penipeni, ndikagogoda, dothi likulira ngati ng'oma. Ndakumba ndi supuni. (Ku koleji tinali ndi zida zake. Kuno supuni ya aanti, asadziwe.)

Kamphika!! Kakang'ono, kakuda, kovundikira ndi phale. M'kati:
- mikanda yabuluu, ija amalonda ankabwera nayo kuchokera ku nyanja yamchere
- zidutswa za mbale yoyera ya maluwa abuluu
- kachitsulo kadzimbiri, shuwa ndi ka mfuti ya gogodera
- dothi, lofunikanso kwambiri

Ndakuwa ndi chimwemwe.

Ndikanakhala chete.

Aanti abwera chothamanga ndi mpini, poganiza kuti ndi njoka. Aona mphika. Wokwirira. Pakhomo. Akuwa kuposa ine, koma osati ndi chimwemwe.

"Yesu wanga! N'chifukwa chake injini ya amalume ako imafera pakati pa madzi! N'chifukwa chake iwe sukwatiwa!"

Ndafotokoza za malonda akale, za Apwitikizi, kuti mikanda imeneyi inkagwira ntchito ngati ndalama. Ati, "Eya, mankhwala a ndalama. Amenewo ndiye oipitsitsa."

Masana. Abusa afika pa njinga. Anthu adzaza, ena sindikuwadziwa n'komwe. Nyimbo, mapemphero, mafuta. Amalume agwada, ati akhala akudabwa ndi bondo lawo. Ndayesa kulowetsa mkanda umodzi m'thumba. Mayi wina wa kwaya wandiona. Andilanda, andipempherera padera, dzanja pamutu, mwamphamvu. Khosi likuwawa mpaka pano.

Madzulo. Kamphika akakulunga m'saka, akakweza m'bwato (lopalasa, injini sakuikhulupirira), akakaponya pakatikati, pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi. Ine ndili pagombe, ndikuyang'ana. Thubwi! Basi. Chuma cha dziko chili pa ulendo wa ku Mozambique, chopanda pasipoti.

Sindinajambule. Foni inali pa chaji kwa aneba.

Supuni nayonso aitaya.

Zatsala: mizere. Mizere ikadalipo. Mizere sangaikweze m'bwato. Puma, iwe, puma.

Lachinayi

Ndadzuka mbandakucha, ndakwera thiraki ya ogula nsomba kupita ku Kavalamanja. Kumeneko kuli agogo Anderiya, mchimwene wa malemu agogo anga, amene anabadwira m'nyumba ya utsi momwemo. Ndisananyamuke ndagwada pamaso pa amalume: chonde, chonde, musakhudze kanthu. "Pita bwino, a Profesa. Ife tingochotsa kangaude."

Mafunso ndinakonza bwino. Mayankho a agogo:
- Anamanga ndani? "Anthu."
- Liti? "Kale."
- Mukukumbukira chiyani za m'nyumbamo? "Nsikidzi."
- Nanga mizere ya madzi? "Foni yako imaonetsa mpira?"

Imaonetsa. Taonera mpira mpaka mabandulo anga atha. Timu yawo yaluza, ati ndabwera ndi tsoka. Potsanzikana andigwira dzanja, ndati manje akunena, mawu a makolo akubwera!

"Ukamuuze Zuze agwetse chinyumba chimenecho. M'menemo chinandiluma chinkhanira pa ntchafu."

Pobwerera njovu zaima pamsewu. Dalaivala wazimitsa injini, waika chipewa kumaso. Njovu sizifulumira. Ine thukuta kamukamu, mtima ukundiuza kanthu.

Madzulo. Wilibala pakhomo. Matumba a simenti opanda kanthu. Baisoni akusamba m'manja, akuimba mluzu.

Ayi.

Ayi ayi ayi ayi.

Apulasitala. M'kati monse. Kuyambira pansi mpaka ku denga, kusalala ngati m'kalasi. Anayamba apala mwaye ndi fosholo. Mizere, kansomba, kamtanda, chaka cha bwato ku denga, zonse zili kuseri kwa simenti.

Baisoni: "Sisi, pafupi ndi chitseko paja panali mabala maningi. Pamenepo ndaika wokhuthala, musadandaule."

Simentiyo ndi uja amalume anasungira shopu yawo. Amupereka yense chifukwa cha mlendo wanga. Aima pakhomo, akumwetulira, akudikira zikomo.

Ndayesa kukanda ndi chikhadabo. Ndi kutentha kuno wagwira kale. Pakona, asanaume, Baisoni analembapo dzina lake ndi msomali. Ndiye zolemba zakale zimene tili nazo manje ndi izi: BAISONI.

Sindidya.

(Ndadya pang'ono.)

Lachisanu

M'mawa. Onse ali kudoko. Ndatenga nyundo ndi tchizulo ya Baisoni. Pulani yatsopano: kuchotsa simenti pamalo amodzi chabe, ngati chikhatho, kuti amadamu aone mzere umodzi. Umodzi wokha ukwanira.

Go! Go! Go! Chidutswa chagwa. Ndachitembenuza.

Simenti wachoka ndi khungu la mwala. Pachidutswa pali mchira wa kansomba. Pakhoma pali dzenje. Mutu wake wasanduka fumbi, uli pa nsapato zanga.

Kansomba aka kanapirira madzi osefukira, utsi, mbuzi, fosholo. Kaphedwa ndi ine, wa dipuloma.

Mchira ndaubisa m'mpango. Baisoni wabwera, waona dzenje, watseka osafunsa kanthu. Kukoma mtima kwa anthu a kuno kudzandipha.

Masana. Azimayi a kwaya afika ndi zidebe za laimu. Ati nyumba imene mwachoka ziwanda iyenera kuwala. Akupaka akuimba, mawu anayi, bwino kwambiri. Kunja konse mbee, mwala suonekanso ngakhale umodzi. Amalume abweretsa penti wotsala wa boti, wabuluu, apaka m'munsi kuzungulira. Manje ikuoneka ngati kiliniki.

Ndiye chitseko!! Chitseko chija cha thabwa limodzi la mupani, cha misomali yosula pamanja, chimene ndimati amadamu ayambire pomwepo. Achichotsa. Aika chachitsulo, chofiira, cha loko. Chakale achigwira amuna anayi kupita nacho kudoko, ati ndi tebulo labwino lotumbulirapo nsomba.

Apa ndiye ndalusa. Ndakuwa pamaso pa anthu onse: mwawononga zonse! Amadamu akubwera kudzaona ZAKALE! Zakuda! Zonunkha! Ndi zimene akufuna!

Amalume apukuta penti m'manja pang'onopang'ono. Alankhula motsitsa, ndipo akatsitsa ndi pamene amaopsa.

"Iwe. Ku Lusaka amanena kale kuti kuno kuli nsomba ndi malungo chabe. Ukufuna mlendo wako akanene kuti anakupeza m'khola la mbuzi? Mwana wa mlongo wanga? Ine ndili moyo?"

Funso limeneli pa mayeso silinabwere.

Mayi uja anandipempherera ati mwina mkanda unanditsalira m'thupi.

Madzulo. Apha mbuzi ya mlendo. Aanti azira pansi, ayala mphasa yatsopano, aika maluwa apulasitiki m'botolo. Apachikanso makatani. Nyumba ilibe windo ngakhale limodzi, koma makatani apachika.

Loweruka

Bulauzi yoyera.

Galimoto yafika chakumasana. Kwaya yayamba kuimba ikadali kumsewu. Amadamu atsika: chipewa, nsapato za m'tchire, kamera pakhosi. Andikumbatira. "Wachita bwino kundiitana. Ili kuti nyumba ija?"

Taima patsogolo pake penipeni.

Ndaloza.

Ayang'ana. Asuzumira kuseri kwake, mwina kuli ina. Ayang'ananso ine.

Alowa. Akweza katani, apeza khoma. Agogoda. Pakhomo ayeza kukhuthala kwake, nkhope yawala pang'ono, mtima wanga wadzuka! Kenako aona pakona.

"Baisoni. Ameneyu ndi kholo lanu?"

Baisoni ali pakhomo, wakweza dzanja.

Ndatulutsa foni, umboni wanga. Zithunzi za Lachiwiri. Kuyambira tsiku limenelo sindinaziyang'ane bwino, kaili sabata yonse ndakhala ndikulira. Taziona limodzi, chimodzichimodzi:
- ine, ndikumwetulira, kumbuyo mdima
- ine, ndikuloza mdima
- ine, milomo ndatulutsa, mdima
- ine ndi amalume, theka
- chala changa

Mzere suoneka paliponse. Khoma lakuda, nyumba yopanda windo, kuwala konse kuli kumaso kwanga. Amadamu ati, "Watuluka bwino."

Ndamasula mpango, ndawapatsa mchira wa kansomba. Avala magalasi. Autembenuza, autembenuzanso. Apuma mokoka. "Amene anachita izi ndi tchizulo ayenera kumangidwa."

Ndati, "Zoona, madamu. Anthu samva."

Baisoni wayang'ana kumtsinje.

Kenako aanti, monyadira, afotokoza za kamphika: mikanda, mbale, kachitsulo, ndi mmene Mulungu anatithandizira. Amadamu afunsa kali kuti. Aanti aloza kumtsinje, cha ku Zumbo, tsidya la Mozambique. Amadamu akhala pansi pa mphasa, apempha madzi.

Mbuzi adya, ayamikira. Pamenepo amalume, atavala jekete la ku tchalitchi m'kutentha konseku, afunsa funso lija. "Nanga amayi, ndi nyumba yofunika?"

Amadamu ayankha mwaulemu, mawu akusankha limodzilimodzi ngati minga ya mcheni. Ati ikhoza kukhala yakale ndithu. Koma mmene ilili lero palibe chimene angaone, ndiye palibe chimene angalembe. Kuchotsa simenti bwinobwino kumafuna akatswiri, ndipo akatswiriwo malo owadikira ndi ambiri. "Mukanangoisiya mmene inalili."

Aanti: "Ndi utsi womwe?"
"Makamaka utsiwo."

Aanti aseka mpaka kugwira nthiti. Ati anthu a ku Lusaka ndi anthabwala.

Ponyamuka awalongedzera nsomba zouma, masau, ndi mwendo wa mbuzi. Pagalimoto andinong'oneza: "Usalire. Simenti amasunga. Tsiku lina wina adzazipeza."

Wina. Tsiku lina. Koma Lolemba ndi mkuja.

Sananene kuti ndi yofunika. Pangano ndi pangano. Yapita.

Sondo

Ku tchalitchi sindinapite. Ndati mutu.

Ndakhala pansi pa mtengo wa masau, kutsanzikana ndi nyumba. Ikuthobwa m'maso ndi kuyera. Fungo la penti. Ndayesa kulira mwaulemu, ntchentche zikundisokoneza.

Masana. Amalume abwera kuchokera ku mapemphero. Aima pafupi nane, manja kumbuyo, aiyang'ana nthawi yaitali.

"Baisoni ndamuuza asabwere ndi nyundo yaikulu."

Mtima wanga: phaa!

"Nyumba yokongola chonchi, kugwetsa? Ndapenga? Abwere ndi yaing'ono, aboole windo apa, logulitsirapo. Firiji ilowa pakona. Shopu ndi imeneyi, yatha kale."

Apa pamene aloza ndi pafupi ndi chitseko. Kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Pa mizere penipeni.

Ndatsegula pakamwa. Ndati, amalume, mbali inayo bwanji? Ati mbali inayo kumaomba dzuwa, makasitomala angapse. Ndayang'ana. N'zoona, kumaomba dzuwa. Ndatseka pakamwa.

Ndiye nyumba siigwa. Si zimene ndinkafuna, eti? Si zimene ndinalilira? Aanti akuyenda m'makomo kuuza aneba kuti ndi ine ndaipulumutsa, kuti pakanapanda mlendo wanga sakanadziwa kuti ali ndi nyumba yabwino chonchi. Ati maphunziro ndi abwino, atsikana azipita kusukulu.

Madzulo. Amalume andipatsa burashi ndi kachitini ka penti wofiira. "A Profesa, dzanja lako ndi labwino. Lemba pamwamba pa chitseko, zikuluzikulu, zoti a m'boti aziziona ali pa madzi."

Ndakwera pa kreti. Ndalemba: NSOMBA ZILIPO.

Zilembo zawongoka bwino.

Ati windo likangobooledwa mawa, wogulitsa ndi ine.